Person-centred care: akamatero amatanthauza chani kwa munthu wosamalidwa pakhomo pake?

Aliyense amene wagwirako ntchito ya care ku UK, kapena ali ndi m'bale wake amene akugwira, mawu oti person-centred care anawamva kambirimbiri. Pa intaviyu amafunsa, ku training amabwerezabwereza, mu care plan alimo, a CQC, bungwe loyendera makampani a care ku England, akabwera kudzayendera kampani nkhani yake imakhala yomweyo. Koma ukafunsa anthu kuti kwenikweni ndi chani, ena amati ndi kukhala wachifundo kwa client, ena amati ndi kumuchitira munthu chilichonse chomwe wanena, ena amangoona ngati ndi mawu a mmaofesi oti uloweze kuti upeze ntchito basi. Nde ndati ndiiyale bwinobwino nkhaniyi, komwe inachokera, zomwe lamulo likunena, mmene imaonekera ukalowa m'nyumba ya munthu 7 koloko mmawa, ndi pomwe anthu sakugwirizanabe. Ndikamba kwambiri za ku England, poti Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi mabungwe awoawo oyendera ntchitoyi.

Mwini nyumba ndi ndani

Tiyambe ndi home care imene, ena amati domiciliary care kapena dom care. Uku nkusamala munthu ali kunyumba kwake komwe, osati ku care home. Carer amabwera pa nthawi zoikika, mwina kanayi pa tsiku, morning call, lunch call, tea call ndi bed call, kudzamuthandiza kudzuka, kusamba, kuvala, kudya, kumwa mankhwala, kupita kuchimbudzi, akatero nkunyamuka kupita kunyumba ina. Ambiri ndi okalamba koma alipo achinyamata aulumali, ena anavulala pangozi, ena anachita sitiroko, ena ali ndi dementia, matenda aja omwe amaononga ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kufika poiwala ana ake omwe.

Person-centred care nde ndi kasamalidwe koyambira pa munthuyo, zomwe akufuna, zomwe anazolowera moyo wake onse, zomwe amakhulupirira, zomwe akadathabe kudzichitira yekha, ndipo iye mwini azikhalapo pomanga mfundo iliyonse yokhudza thupi lake ndi tsiku lake. Kwinako ndi kasamalidwe kongotsata ntchito, pomwe carer amalowa ndi mndandanda wake, kusambitsa wachonga, phala wachonga, mapiritsi wachonga, basi wapita. Zonse zachitika, munthu ndi waukhondo, wakhuta, koma palibe amene wamufunsa ngati amafuna kusamba mmawa kapena madzulo, kapena ngati phalalo amalikonda nkomwe.

Zili ngati kusiyana kwa yunifolomu yongogawa ndi chovala cha kwa telala. Yunifolomu amasoka zambirimbiri saizi imodzi, wina imuthina wina imukulira, bola wavala. Telala amayamba wakuyeza, nkukufunsa kuti chovalachi mukapita nacho kuti, mukufuna matumba kapena ayi, ndipo ukabwera kudzayesa nkupeza chikuthina mmapewa amasula nkusokanso. Luso ndi la telala koma chovala ndi chako, ndiwe ukachivale.

Pakhomo pali chinthu china chomwe chimasiyanitsa ndi kuchipatala. Ku wodi wodwala ndiye mlendo, amatsata nthawi za pamenepo. Kunyumba mlendo ndi carer. Ngakhale uli ndi nambala ya key safe, kabokosi kosungira kiyi panja pa nyumba, ndipo kiyi ali mmanja mwako, umagogodabe, umaodira, umanena kuti ndine uje ndabwera. Sungofika nkusuntha mipando, kutaya manyuzipepala akale poti akuoneka zinyalala, kapena kuthimitsa TV poti ikusokosa. Ambiri mwa anthuwa m'nyumbamo akhalamo zaka makumimakumi, analerera momwemo ana, ena amuna awo kapena akazi awo anamwalirira momwemo, ndipo nyumbayo ndi chinthu chomaliza chomwe akadali nacho mphamvu.

Zinachokera kuti

Sizinayambire mu care. Mzaka za m'ma 1940 ndi 1950 ku America kunali katswiri wa zamaganizo, Carl Rogers, amene ankaphunzitsa kuti wopereka uphungu asamadzione ngati wodziwa zonse wouza munthu chochita, koma amvetsere poti mwini wake ndi amene amaudziwa bwino moyo wake. Kenako anthu aulumali eni ake anayamba kulankhula. Mu 1972 ku Berkeley, California, Ed Roberts ndi anzake anatsegula malo olimbikitsa kuti munthu waulumali azikhala kwa yekha nkumalamula yekha chithandizo chake, mmalo motsekeredwa mmanyumba osungira anthu. Mzimu umenewu unafika ku Britain, ndipo mu 1996 kunabwera lamulo lolola makhonsolo kupereka ndalama mmanja mwa munthu waulumali kuti adzilembere yekha womuthandiza, zomwe amazitcha direct payments. Mu 2001 boma linatulutsa ndondomeko ya Valuing People yokhudza anthu a learning disability, ulumali wovutika kuphunzira ndi kumvetsa zinthu, ndipo mapulani oyambira pa munthu mwini anakhala pakatikati pake.

Koma dzina lomwe ma carer ambiri amakumana nalo ndi la Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford. Nthawi yake anthu ankaona ngati munthu wa dementia watha kale, latsala ndi thupi loti uzilidyetsa ndi kulisambitsa. Kitwood anakana. Anati kufooka kwa munthuyo sikuchokera muubongo mokha, kumachokeranso mmene omuzungulira akumutengera, ndipo mu 1997 analemba makhalidwe 17 omwe osamalira amachita, nthawi zambiri osafuna zoipa, omwe amamuphwanya munthu umunthu wake. Ena mwa iwo ndi kumulankhula ngati mwana, kumunamiza kuti achite zomwe ukufuna, kumuthamangitsa liwiro loti sangakwanitse, kukambirana za iye ali pompo ngati palibe, ndi kumunyamula kapena kumutembenuza ngati thumba osamuuza kanthu. Amene wagwirako double-up, ma carer awiri kukweza munthu pa hoist, makina onyamulira munthu, akudziwa kuti zoterezi sizichedwa kuchitika, awirinu mukucheza za rota, ndandanda ya ntchito ya mawa, pamwamba pa mutu wa agogo amene ali lendelende mmwamba, akuchita mantha, palibe owayang'ana kumaso.

Zomwe zinapangitsa kuti ganizoli lilowe m'malamulo ndi zinthu zochititsa manyazi zomwe zinaululika. Mu 2011 a BBC anajambula mobisa nkhanza zomwe anthu a learning disability ankachitiridwa ku Winterbourne View kufupi ndi Bristol. Mu 2013 kunatuluka lipoti la Robert Francis lokhudza chipatala cha Stafford, komwe odwala ankasiyidwa osasamalidwa. Malamulo atsopano ambiri omwe akugwira ntchito pano anabwera pambuyo pa zimenezi.

Lamulo likuti bwanji

Pali malamulo atatu ofunika kuwadziwa. Loyamba ndi Care Act ya 2014, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2015. Imauza khonsolo kuti ikamaunika zosowa za munthu iyambe ndi maganizo oti munthuyo ndi amene angaweruze bwino chomwe chili chabwino pa moyo wake, ndipo imvere zofuna zake, mmene akumvera ndi zikhulupiriro zake. Lamulo lomweli linapatsanso achibale osamala munthu mwaulele ufulu woti nawonso aunikidwe zosowa zawo.

Lachiwiri ndi malamulo a 2014 omwe kampani iliyonse ya care imayenera kutsata, omwe bungwe la Care Quality Commission, CQC ija, limagwiritsa ntchito poyendera. Regulation 9 ndiyo ya person-centred care yeniyeni, imati chisamaliro chikhale choyenera, chikwaniritse zosowa za munthu, komanso chigwirizane ndi zokonda zake. Regulation 10 ndi ya ulemu, 11 ndi ya chilolezo, kuti sungamuchite munthu kanthu asanavomere. CQC ikayendera imafunsa mafunso asanu, ngati chisamaliro chili chotetezeka, chothandizadi, chachikondi, chosintha motsata zosowa za munthu, ndi choyendetsedwa bwino, kenako imapereka giredi, kuyambira outstanding, good, requires improvement mpaka inadequate. Magirediwa ali pa intaneti, aliyense atha kuona asanasankhe kampani. Kwa carer watsopano zimafikira mu Care Certificate, training yoyambira ntchitoyi yomwe inayamba mu 2015, mutu wake wachisanu, standard 5, ndi wa person-centred care.

Lachitatu, Mental Capacity Act, lokhudza ngati munthu angathe kudzisankhira yekha, ndilikamba palokha kutsogoloku poti ndi pomwe anthu amasokonezeka kwambiri.

Care plan, ndi theka la ola la mmawa

Care plan ndi chikalata chofotokoza chisamaliro cha munthu, kale chinkakhala mu fayilo pa tebulo, masiku ano makampani ambiri anachiika mu apu ya pa foni. Yolembedwa bwino imayenera kulembedwa limodzi ndi mwini wake, ndipo imasiyanitsa zinthu ziwiri, zomwe munthu amaziona kuti nzofunika kwa iye, ndi zomwe zili zofunika pa thanzi ndi chitetezo chake. Kumwa mankhwala a BP ndi kofunika pa thanzi lake. Kumvera wailesi akumwa tiyi mu kapu yake yakale yobenthuka ija ndi kofunika kwa iye. Plan yongolemba zoyambazo munthu amakhala ndi moyo koma osasangalala, yongolemba zachiwirizo munthu atha kudwala. Luso lonse lili poyanjanitsa ziwirizi. Kwa a dementia, bungwe la Alzheimer's Society lili ndi kapepala kotchedwa This is me komwe banja limalembapo dzina lomwe munthu amakonda kuitanidwa, ntchito yomwe ankagwira, zomwe zimamuopsa ndi zomwe zimamukhazika mtima pansi.

Tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 80, anachita sitiroko, dzanja lamanja ndi lofooka, call yake ndi ya theka la ola. Carer wothamanga amatsegula makatani, kuvundukula bulangete, kutenga thaulo nkumupukuta thupi lonse ali mbulanda, kumuveka chilichonse chomwe chili pamwamba mu wodilobu, kumuikira chakudya, kusayina MAR chart, pepala lolembapo mankhwala omwe munthu wamwa, watuluka. Winayo amalowa nkupereka moni, kufunsa mmene agonera, nkudikira yankho. Posambitsa amafunditsa thaulo mbali yomwe sakusambitsa. Kansalu kosambira amawapatsa m'dzanja lamanzere lija kuti nkhope asambe okha, poti angathe, ndipo akasiya kuchita lero mwezi wamawa sadzathanso. Amatulutsa majuzi awiri nkufunsa kuti muvala iti. Mabatani amawasiya ayambe okha, iye nkumalizitsa awiri omwe avuta. Asanagwire mwendo amayamba wanena kuti ndikukwezani mwendo tsopano. Tiyi sangothira shuga poti iye amamwa wa shuga. Kusiyana kwake mwina ndi mphindi zochepa chabe, koma ndi carer wachiwiriyu mayi uja tsiku lake waliyamba ali munthu wamkulu m'nyumba mwake.

Pali kanthu kena komwe kamativuta ife ochokera kwathu. Tinaleredwa kuti wamkulu sutchula dzina, ndi amayi, abambo, agogo. Nde ukafika kuno nkupeza gogo wa zaka 90 akufuna uzimutchula dzina lake loyamba, lilime limalemera. Ena mosiyana amafuna Mrs kapena Mr, ndipo amakhumudwa ukawatchula darling kapena sweetheart. Yankho ndi kufunsa basi, nkutsata zomwe anena. Chimodzimodzi nkhani yoyang'ana mmaso, kwathu kuzolika ndi ulemu, kuno munthu amatha kuona ngati sukumumvera kapena ukubisa kanthu. Ndipo pali chizolowezi chathu chabwino chomwe chimatha kupitirira muyezo, chomuchitira wamkulu zonse kuti asavutike, khalani pansi agogo ndipanga ndine. Mtima wake ndi wabwino kwambiri, ndipo ndi womwe umapangitsa ambiri a ife kuikhoza ntchitoyi, koma kwa munthu amene akumenyera kuti asataye mphamvu zotsalazo, kumulanda ketulo kuli ngati kumuuza kuti watha ntchito.

Akakana, nanga?

Apa nde pomwe pagona nkhani. Mental Capacity Act ya 2005, yomwe imagwira ntchito ku England ndi Wales, ili ndi mfundo zisanu. Munthu aliyense wamkulu umayamba wamutenga kuti atha kudzisankhira, pokhapokha zitatsimikizika kuti sangathe. Usananene kuti sangathe, uyambe wamuthandiza mmene ungathere kuti amvetse, kaya ndi zithunzi, kaya kudikira nthawi yomwe mutu wake umayenda bwino, kaya kungomuveka magalasi ndi kachipangizo ka kukhutu. Kusankha zinthu zooneka zopanda nzeru si umboni woti munthu sangathe kusankha. Ngati sangathedi, chomwe mungamusankhire chikhale chomukomera iye. Ndipo musankhe njira yomuphera ufulu pang'ono kwambiri.

Poyesa amaona zinthu zinayi, ngati akumvetsa nkhaniyo, ngati atha kuisunga mmutu kwa nthawi yokwanira kusankha, ngati atha kuyeza ubwino ndi kuipa kwake, ndi ngati atha kufotokoza chomwe wasankha mwa njira iliyonse, ngakhale kuphethira. Chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti kuyesaku kumakhala kwa nkhani imodzi pa nthawi imodzi. Munthu atha kulephera kusankha zogulitsa nyumba koma nkumatha bwinobwino kusankha chomwe adye masana. Kukhala ndi dementia pakokha sikutanthauza kuti mawu ake atha mphamvu.

Nde tenga bambo wa matenda a shuga amene akufuna keke tsiku lililonse ndi tiyi wake. Akudziwa kuti ali ndi shuga, akudziwa zomwe keke imachita, wanena kuti moyo ndi wanga. Carer sangabise kekeyo, sangamunamize kuti yatha. Chomwe angachite ndi kumukumbutsa mwaulemu, kumufunsa ngati angalole kachidutswa kochepa, kulemba mu notes, ndi kudziwitsa ofesi kuti anesi kapena GP, dokotala wake, adziwe. Chimodzimodzi mapiritsi, akakana sumukakamiza ndipo subisa mu phala mwa iwe wekha, umalemba kuti wakana nkunena ku ofesi. Kubisa mankhwala mu chakudya kumaloledwa pokhapokha munthu atayesedwa kuti sangathe kusankha, ndipo dokotala, wa famase ndi oimira munthuyo atakambirana nkulemba.

Izi sizikutanthauza kuti carer azingoti nzofuna zake nkutembenuka. Munthu akakana kusamba sabata yonse, funso ndi loti chifukwa chani. Mwina bafa ikuzizira, mwina anagwapo akuopa, mwina ndi mayi amene sakufuna kusambitsidwa ndi mwamuna ndipo akuchita manyazi kunena, mwina wayamba matenda a mchikhodzodzo omwe mwa okalamba amasokoneza mutu mwadzidzidzi. Sizikutanthauzanso kuti carer achite zomuvulaza, monga kunyamula munthu ndi manja poti wakana hoist, kapena kupirira chipongwe ndi tsankho. Udindo wosamala moyo wa munthu ulipobe, ndipo pomwe udindowu ukumana ndi ufulu wa munthu palibe mzere woongoka, nkhani iliyonse amaiunika payokha.

Chinanso chomwe chimadabwitsa mabanja, kukhala mwana wa munthu kapena next of kin sikukupatsa mphamvu ya lamulo yomusankhira. Mphamvuyo imabwera ngati mwini wake, mutu ukadali bwino, anakulembera lasting power of attorney, yomwe ilipo ya mitundu iwiri, ya thanzi ndi chisamaliro, ndi ya chuma ndi katundu, kapena ngati khoti lakusankha.

Nthawi ndi ndalama

Zonse ndakambazi zimafuna nthawi, ndipo nthawi mu home care imagulidwa. Ku England chisamalirochi si chaulele ngati zipatala za boma za NHS. Khonsolo imaunika zosowa, kenako imaunika thumba. Amene ali ndi ndalama zosunga zoposa mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha, ngakhale kuti pa chisamaliro cha pakhomo nyumba yomwe akukhalamo saiwerengera. Kwa omwe khonsolo ikuwalipirira, makhonsolo ambiri amagula kwa makampani potengera mphindi ndi ntchito, mphindi zakuti mmawa, zakuti masana, ntchito zake izi ndi izi. Carer amalowa ndi kutuluka pojambulitsa pa foni, mphindi iliyonse ikuwerengedwa.

Mu 2013 bungwe la Leonard Cheshire linadzudzula kwambiri ma call a mphindi 15, ponena kuti anthu amafika posankha pakati pa kumwa tiyi ndi kupita kuchimbudzi. Mu 2015 bungwe la NICE, lomwe limalangiza za umoyo ndi chisamaliro ku England, linatulutsa malangizo oti call isamachepere theka la ola, pokhapokha carer ali wodziwika kwa munthuyo, call yaifupiyo ili mbali ya chithandizo chokulirapo, ndipo nthawiyo ikukwanira kantchito komwe wabwerera. Koma awa ndi malangizo, si lamulo. Makhonsolo amati ndalama zochokera ku boma sizikukwana pomwe okalamba akuchuluka. Makampani amati mtengo womwe khonsolo imalipira pa ola sukwanira malipiro, mafuta ndi training. Ma carer amati rota imawaika nyumba ina 8:30 ndi ina 8:30 yomweyo kutsidya kwa tawuni, ndipo ngakhale lamulo limati nthawi yoyenda pakati pa ma call iwerengedwe pa malipiro ochepetsetsa, madandaulo oti salipidwa sanathe. Mabanja amati sabata imodzi mwalowa nkhope zambiri zosiyana, aliyense kufunsa komwe kuli matawulo. Aliyense mwa awa ali ndi mfundo, ndipo wovutika pamapeto ndi amene ali pabedi uja, poti kuti umudziwe munthu pamafunika kubwera iwe yemweyo kawirikawiri.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife. Mu Febuluwale 2022 boma la UK linatsegula visa ya ma care worker ochokera kunja, anthu ambiri a ku Zimbabwe, Nigeria, India, Ghana ndi ena a kwathu ku Malawi ndi Zambia analowa. Mu Malichi 2024 analetsa kubwera ndi mabanja, ndipo pa 22 Julayi 2025 anatseka kwa olembetsa atsopano ochokera kunja. Pakatipa makampani mazanamazana analandidwa ziphaso zobweretsera anthu, antchito ambiri nkutsala opanda maola. Carer amene visa yake yamangidwa pa kampani imodzi zimamuvuta kuuza bwana kuti mphindi izi sizikukwana kwa mayi awa, chonsecho person-centred care imadalira carer amene angalankhule akaona kuti plan sikugwirizana ndi munthu.

Njira zina zayesedwa. Direct payments zija zimalola munthu kulemba yekha womuthandiza, ambiri aulumali amazikonda poti amasankha yemwe alowe m'nyumba mwawo, koma munthu amasanduka bwana wolemba ntchito ndi mapepala ake onse, zomwe kwa gogo wodwala ndi katundu wolemera. Ku Netherlands kuli Buurtzorg, yomwe Jos de Blok anayambitsa mu 2006, magulu ang'onoang'ono a anesi osapitirira 12 amayang'anira dera lawo nkumadzikonzera okha ntchito popanda mabwana ambiri. Madera ena a ku Britain ayesako kutengera, koma malipiridwe ndi malamulo a maiko awiriwa ndi osiyana.

Nanga kwathu?

Kusamala wodwala pakhomo si kwachilendo kwa ife. Nthawi yomwe Edzi inavuta, ma ARV aulele asanayambe mu 2004, magulu a home based care a mmipingo ndi mmidzi ndi omwe ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kutunga madzi, kuphika phala. Lero malo ngati Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima amathandiza odwala matenda osachiritsika ndi mabanja awo. Kusiyana nkwakuti kwathu wosamala ndi m'bale, kawirikawiri mayi kapena mtsikana, osalipidwa, ndipo mfundo zimamangidwa ndi banja, amalume, ana akuluakulu, yemwe akutumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kapena ku Leeds. Wodwala nthawi zina amakhala womaliza kumva za matenda ake omwe. Ubwino wake ngwakuti munthu sasiyidwa yekha, ndipo omusamala amamudziwa kuyambira kale popanda kapepala. Kuipa kwake nkwakuti mawu a agogo amatha kumira mmawu a onse owakonda, ndipo gogo woiwalaiwala, woyendayenda usiku, mmadera ena amatchulidwa mfiti mmalo moonedwa kuti akudwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2016 linavomereza ndondomeko yolimbikitsa chithandizo choika anthu pakati, ndipo limakamba za mabanja ndi madera, osati munthu payekha.

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi lomweli la banja. Malamulo a ku England anamangidwa pa munthu payekha, koma nanga munthu amene chofuna chake nchoti ana ake amusankhire, kapena sakufuna kuuzidwa kuti khansa yafalikira? Ambiri amati kulemekeza zimenezo ndiye person-centred care imene, koma carer kapena nesi angadziwe bwanji kuti ndi zofunadi za mwini wake osati kuopa ana?

Lachiwiri ndi la munthu wa dementia amene wasintha. Mayi amene moyo wake onse sankadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo, lero akuilirira akaiona pa mbale ya wina. Timvere munthu wa dzulo kapena wa lero? Nanga akamafunsa za amuna awo omwe anamwalira kalekale, uwauze zoona alire ngati amva koyamba, kapena uwatembenuzire nkhani? Kitwood ankadana ndi kunamiza, koma osamalira ambiri ndi akatswiri ena amati pali nthawi yomwe choonadi chimangopweteka osathandiza kanthu, ndipo mkanganowu ukupitirira.

Palinso za makamera ndi tizipangizo toika pazitseko ndi pabedi. Mwana ali kutali amagona tulo akamaona mayi ake pa foni, ndipo makamera aululapo nkhanza zenizeni, koma mayiyo anavomera kujambulidwa akusintha zovala? Nanga carer amene akujambulidwa tsiku lonse? Kusankha carer nakonso kuli ndi malire osadziwika bwino, mayi kukana kusambitsidwa ndi mwamuna aliyense amamvetsa, koma client akakana carer chifukwa cha khungu, makamaka ngati ali ndi dementia, makampani amachita mosiyanasiyana ndipo ma carer akuda ambiri amangopirira.

Ndipo pali funso la muyezo ndi la ndalama. Woyendera amaona mapepala, amafunsa anthu angapo, koma sakhalapo mu bafa 7 koloko mmawa, nde kampani yolemba bwino ndi kampani yosamala bwino angazisiyanitse motani? Ndani alipire mphindi zoonjezera zija zoti mayi amange okha mabatani, msonkho wa onse, thumba la mwini wake, kapena carer amene amatsalira mwaulele nkukachedwa kunyumba yotsatira? Mu Januwale 2025 boma linapatsa Louise Casey ntchito yotsogolera komishoni younika chisamaliro cha akuluakulu ku England, ndipo lipoti lake lomaliza likuyembekezeka pofika 2028.